Filimu ya agogo: ine ku Ndirande, msuweni ku Joni

Funso: Ine ndi msuweni wanga wa ku Johannesburg tikupanga filimu ya agogo athu, omwe anapita kumigodi kudzera ku Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito ya kumigodi ya ku South Africa. Ndimajambula ndi foni kuno, iye n'kumalumikiza pa kompyuta. Koma akuti vidiyo ikumafika yosaoneka bwino. Nditani? Wowerenga, Ndirande.

Yankho: Achimwene, WhatsApp imafinya vidiyo. Muzitumiza ngati document, ndipo pojambula foni muziigoneka chammbali. Komatu ine nkhawa yanga ili pa mawu. Agogowo ajambuleni m'mamawa, maminibasi asanayambe phokoso, wailesi ya aneba isanatsegulidwe. Afunseni za 1974, pamene ndege yonyamula anthu a kumigodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, Kamuzu n'kuletsa maulendo a Wenela. Akayamba kusimba, musawadule pakamwa. Zochotsa akachotsa msuweniyo.