Makina a nshawa, patenti ndi ndalama za boma: yankho kwa amayi a ku Kalingalinga

Amayi, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mwana wanu amene amawotcherera zitsulo ku Kalingalinga wapanga makina osendera nshawa, ndipo anzake akumuuza kuti athamangire patenti, chikalata cha boma choletsa ena kukopera chimene munthu watulukira, ena asanamubere nzeru. Mwafunsanso ngati zimene boma limalengeza, za patenti, za luso latsopano ndi za kuthandiza ogulitsa katundu kunja, zimalowetsadi ndalama m'dziko kapena ndi zokoma pa wailesi chabe. Ine si loya. Ntchito yanga ndi kusunga mabuku a ndalama a makampani ang'onoang'ono ogulitsa chiponde, uchi ndi soya, ndiye ndikuyankhani ngati munthu amene amaona malisiti.

Ndiyambe ndi funso lachiwiri, chifukwa likamveka, la mwana wanu silivutanso.

Mlimi akafuna kudziwa ngati feteleza wina ndi wabwino, sayang'ana nkhokwe yokha. Chaka cha mvula yabwino ngakhale munda wosathira umabereka. Amene ali wochenjera amathira mizere ina n'kusiya ina, m'munda womwewo, mbewu yomweyo, mvula yomweyo, kenako amafananiza pokolola. Kuyeza ndondomeko ya boma n'chimodzimodzi. Funso lake ndi lakuti: thandizolo likanapanda kubwera, kampaniyo ikanakhala pati lero? Malipoti ambiri amene timamva safika pamenepa. Amatiuza kuti anthu angapo aphunzitsidwa, makampani angapo apita ku chionetsero, ndalama zakuti zalonjezedwa ndi obwera kudzaika mpamba. Uku ndi kuwerenga matumba a feteleza amene agawidwa. Chimanga sichinawerengedwe.

Ndipo kuno kwathu mvula yake ndi kopa ndi kwacha. Pafupifupi magawo asanu ndi awiri mwa khumi a ndalama zimene Zambia imapeza pogulitsa kunja amachokera ku kopa. Mtengo ukakwera ku London, chiwerengero cha malonda akunja chimafufuma ngakhale ofesi iliyonse mu Lusaka itatsekedwa mwezi wathunthu. N'chifukwa chake oyeza amapatula kopa ndi kobalti n'kuyang'ana zotsala: shuga wa ku Nakambala, simenti, fodya, thonje, uchi wa ku Mwinilunga ndi zina. Koma ngakhale apo pali msampha. Mu 2017 dola imodzi inali cha m'ma K10. Pofika kumapeto kwa 2020, chaka chimene dziko linalephera kubweza ngongole ya Eurobond, inali itapitirira K20, ndipo mu 2024 inadutsa K25. Munthu amene wakhala akugulitsa matani omwewo pa mtengo womwewo wa madola adzaoneka ngati malonda ake anakula kawiri ndi theka pakati pa 2017 ndi 2024 mukawerenga m'makwacha. Wina akakuonetsani chiwerengero chokoma, mufunseni kaye kuti ndi makwacha, madola kapena matani. Bungwe la ZamStats limatulutsa ziwerengero za malonda akunja mwezi uliwonse, ndipo aliyense angaziwerenge pa intaneti.

Msampha wina ndi wa kasankhidwe. Ofesi yothandiza ogulitsa kunja ikafuna makampani opita nawo ku chionetsero cha ku Lubumbashi kapena ku Dubai, imatenga amene ali kale ndi mapepala onse, katundu wopakidwa bwino ndi akaunti ku banki. Sindikuwadzudzula, ngakhale ine ndikanatero. Koma pakatha zaka ziwiri, makampani amenewo akamachita bwino kuposa anzawo, simunganene kuti ndi chionetsero chija. Anali othamanga kale asanapatsidwe nsapato.

Kuli maiko kumene anthu anayesa kuthana ndi vutoli pochita maere, ndipo zotsatira zake n'zophunzitsa. Ku Egypt, m'tauni ya Fowa, ofufuza anagwirizana ndi ogula akunja, ndipo mwayi woluka makapeti a ogulawo unagawidwa mwa maere pakati pa oluka ang'onoang'ono. Amene maere anawagwera phindu lawo linakwera ndi pakati pa 16 ndi 26 peresenti poyerekeza ndi anzawo. Chimene chinandigwira mtima ine n'chakuti ulusi ndi zida zikakhala zofanana, iwowa ankalukabe kapeti yabwino kuposa ena, chifukwa wogula wovuta uja anali atawaphunzitsa. Ku Nigeria, mu mpikisano wa mapulani a bizinesi wa YouWiN umene unayamba mu 2011, ena mwa opambana anasankhidwa mwa maere pakati pa amene mapulani awo anali abwino, ndipo amene analandira ndalama anapezeka kuti mabizinesi awo akukhalitsa ndiponso akulemba anthu ambiri ntchito. Koma ku Tunisia, pulogalamu ya FAMEX yothandiza makampani kupeza misika yakunja inaonetsa phindu poyamba, kenako patapita zaka zochepa othandizidwa ndi osathandizidwa anafanananso. Ndiye kuti thandizo lotere limagwiradi ntchito nthawi zina, koma woyeza ayenera kubwereranso pakatha zaka zinayi kapena zisanu. Ife timajambula zithunzi tsiku lopereka cheke, basi.

Mabungwe tili nawo, ndipo si a dzulo. ZDA, bungwe lokopa oika mpamba ndi kuthandiza ogulitsa kunja, inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2006 pophatikiza mabungwe asanu, limodzi mwa iwo linali Export Board of Zambia. CEEC, yothandiza nzika pa mabizinesi, ndi ya chaka chomwecho. Tili ndi NTBC yothandiza opanga zinthu zatsopano kufika nazo pamsika, NISIR ya kafukufuku, TDAU ku yunivesite ya UNZA imene yakhala ikupanga makina a alimi ang'onoang'ono kwa zaka zambiri, ndipo kuyambira 2021 kuli unduna wa zaluso ndi sayansi pawokha. Tili ndi madera a mafakitale a MFEZ ku Chambishi ndi kuno ku Lusaka South, kumene makampani amachepetseredwa misonkho. Pa amenewa funso langa limakhala limodzi: msonkho umene boma lasiya, ukagawidwa ndi ntchito zatsopano zimene zapezeka, ntchito imodzi yatidyera zingati? Ndipo ndinene kuti zatsopano, chifukwa fakitale ikasamuka ku Chinika n'kukamanga ku MFEZ, antchito ake ndi omwe aja, changosintha ndi minibasi imene amakwera m'mawa. Zoyezera zilipo kale. ZRA ya misonkho ili ndi mbiri ya katundu yense wodutsa pa boda, NAPSA ya penshoni ili ndi maina a olembedwa ntchito. Zimenezi zitalumikizidwa ndi mndandanda wa amene analandira thandizo ndi amene anapempha koma osalandira, akatswiri a ku ZIPAR, bungwe lofufuza ndondomeko za chuma, kapena a ku UNZA sangavutike kutiuza zoona.

Dziko la South Korea limatchulidwa kwambiri pa nkhani zotere, koma anthu amakonda kuiwala mbali yowawa. M'zaka za m'ma 1960 mtsogoleri wa dzikolo Park Chung-hee ankapezeka iye mwini pa misonkhano ya mwezi ndi mwezi yoona mmene malonda akunja akuyendera, ndipo ngongole zotsika mtengo zinkatsatira amene akugulitsadi kunja. Wolephera ankasiyidwa. Kupereka n'kosavuta, chovuta ndi kulanda kwa munthu amene mumadya naye nsima.

Ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga. Kampani ina imene ndinkaisungira mabuku inapita ku maphunziro atatu a kagulitsidwe ka kunja m'chaka chimodzi, onse m'mahotela, chakudya chamasana chabwino, masatifiketi atapachikidwa pakhoma. Wogula anapezeka kunja, anafuna chiponde chambiri. Atayeza zitsanzo anapeza poizoni wa chuku, uja amati aflatoxin, wopitirira muyezo wake, ndipo malonda anathera pomwepo. Vuto linali kumunda, kumene ena amanyowetsa nshawa kuti zisendeke msanga n'kuziika m'matumba zisanaume. M'lipoti la amene anakonza maphunziro aja, kampani imeneyi inawerengedwa kuti yathandizidwa katatu. M'mabuku anga munali ziro. Ndalama ya hotela imodzi ija ikanagula kachipangizo koyezera chinyezi ndi malona oyanikira. Onjezani magetsi a 2024, pamene chilala chinaphwetsa Kariba ndipo makina ankagona tsiku lonse, mudzaona kuti zimene zimapha wogulitsa kunja nthawi zambiri sizikhala m'ndondomeko yolembedwa kuti ya malonda akunja.

Pamene ndimaona thandizo lofika kwa munthu wamba ndi pa dongosolo la amalonda ang'onoang'ono la COMESA, mgwirizano wa zamalonda wa maiko a chigawo chino, lija logwira ntchito pa boda ngati ya Mwami. Katundu wosapitirira madola 2,000 amene ali pa mndandanda wogwirizana amadutsa ndi pepala losavuta, popanda kufuna ejenti. Ndipo phindu lake n'losavuta kuyeza: maola amene mayi wataya pa boda ndi ndalama imene walipira, kale ndi tsopano.

Tsopano za patenti. Patenti ndi mgwirizano. Inu mumaulula poyera mmene chinthu chanu chimagwirira ntchito, boma limakupatsani zaka 20 zoletsa ena kuchipanga kapena kuchigulitsa popanda chilolezo chanu. Kuno imalembetsedwa ku PACRA, ofesi yolembetsa makampani ndi mapatenti, pansi pa lamulo la 2016. Kuti ivomerezedwe, chinthucho chiyenera kukhala chatsopano padziko lonse, osati mu Kalingalinga mokha, ndiponso chisakhale chimene mmisiri wina aliyense akanachiganiza mosavuta. Makina osendera nshawa akhala akupangidwa ku India, ku China ndi ku America kwa zaka zambirimbiri. Choncho makina onsewo sangakhale atsopano. Chimene chingakhale chatsopano mwina ndi kachigawo kamodzi, monga mmene wakonzera sefa kuti nshawa zazikulu za Chalimbana zisasweke. Pa zotere lamulo lomwelo lili ndi chitetezo chaching'ono chotchedwa utility model, cha zaka zochepa koma chosavuta kupeza, ndipo ndi chimene ndingamuuze kuti akafunse poyamba.

Adziwenso zinthu zimene anzake aja sanamuuze. Patenti imalipiridwa chaka ndi chaka, mukasiya imafa. Imagwira ntchito m'dziko limene yalembetsedwa mokha. Kudzera ku ARIPO, bungwe limene linabadwira mu Lusaka mommuno mu 1976 ngakhale likulu lake lili ku Harare, pempho limodzi lingafike ku Malawi, Mozambique, Zimbabwe, Tanzania ndi maiko ena. Koma Congo mulibemo, pamene msika wathu waukulu wa zinthu zotere uli pa boda ya Kasumbalesa. Ndipo wina wa ku Garden akakopera makinawo, apolisi sadzathamanga okha. Mwini patenti ndiye amapita kukhoti ndi loya wake, ndi ndalama zake. Makina ogulitsidwa ochepa pa mwezi sangalipire mlandu wotere.

N'chifukwa chake sindisangalala ndikamva kuti chiwerengero cha mapatenti chakwera ndiye kuti luso lakula. Mapatenti ambiri ogwira ntchito m'maiko athu ndi a makampani akunja, amene akutchinga msika wa mankhwala kapena makina awo. Zoyenera kuwerenga ndi zina: mwa mapatenti a anthu a kuno, ndi angati akulipiridwabe pakatha zaka zisanu, ndi angati asanduka katundu wa m'sitolo, ndi angati wina wagula chilolezo chowagwiritsa ntchito. Mbiri nayo siyenda mzere umodzi. Dziko la Netherlands linalibe lamulo la patenti kuyambira 1869 mpaka 1912, ndipo kampani ya Philips inayamba mkati mwa nyengo imeneyo, mu 1891. India inasiya kupereka patenti pa mankhwala enieniwo ndi lamulo la 1970, inayambiranso mu 2005, ndipo m'zaka zimenezo ndi mmene inakulira kukhala kopangira ma ARV otsika mtengo amene apulumutsa abale athu ambiri. Sindikunena kuti patenti ndi yoipa. Kwa wofufuza wa ku yunivesite amene wapeza chinthu chodula kuchipeza koma chosavuta kukopera, ndi chida chenicheni, ndipo popanda icho woika mpamba sabwera. Koma dziko limene likuphunzirabe limapindula kwambiri powerenga mapatenti a ena kuposa polembetsa ake.

Apa ndi pamene pali chuma cha mwana wanu. Mapatenti mamiliyoni ali pa intaneti mwaulere, pa Google Patents, Espacenet ndi Patentscope, ndi zojambula zake zomwe. Imene zaka zake zinatha, kapena imene sinalembetsedwe kuno, kaya ku PACRA kapena kudzera ku ARIPO, ali ndi ufulu woigwiritsa ntchito mu Zambia. Akhale madzulo awiri ndi foni, afufuze makina osendera nshawa m'Chingelezi. Akapeza kuti zake zinapangidwa kale, wapulumutsa ndalama ndipo waphunzira zina. Akapeza kuti kachigawo kake palibe, asakaonetse pa Facebook kapena ku chionetsero cha ku Showgrounds asanaponye pempho, chifukwa chinthu chikaonekera poyera utsopano wake ungathe.

Ndikanakhala mayi ake ndine, ndalama yoyamba ndikanaiika pa kulembetsa dzina la bizinesi ndi chizindikiro cha malonda ku PACRA komweko, dzinalo n'kulidinda pa chitsulo cha makina aliwonse pamodzi ndi nambala ya foni. Mlimi wa ku Katete akagula makina, chimene amafuna ndi kudziwa woimbira foni beyaring'i ikafa pakati pa nyengo yokolola. Kenako atenge thumba limodzi la nshawa, asende pa wotchi, ayeze makilo pa ola ndi kuchuluka kwa zosweka, achitenso chimodzimodzi ndi makina a ku China ogulitsidwa ku Kamwala. Manambala amenewo apite nawo ku NTBC kapena ku TDAU. Mundiuze kuti sefa yake ndi ya chitsulo chanji ndipo amayendetsa ndi manja kapena mota, ndili ndi kasitomala wa chiponde amene akudandaula za nshawa zosweka.