Funsani za Njinga: Bwanji Wotsogola Tsiku Lonse Sapambana?

Ndinaonera Tour de France pa kanema. Anyamata anayi anathawa anzawo, anatsogola ndi mphindi zisanu tsiku lonse, koma atatsala pang'ono kufika chigulu chinawapeza n'kuwadutsa. Kodi anzawo aja ankawasiya dala? (Wakabaza, Kamuzu Road, Salima)

Eya achimwene, ankawasiya dala, ndipo nkhani yonse yagona pa mphepo. Munthu akamapalasa makilomita 40 pa ola pamalo opanda chitunda, mphamvu zake zambiri zimathera pong'amba mpweya. Amene wabisala kumbuyo kwa tayala la mnzake amasunga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvuzo. Amene ali pakatikati pa chigulu cha anthu oposa 150 ndiye amangotengeka, mpaka amadya ndi kucheza ali pa liwiro lomwelo. Pamene anayi othawa aja, aliyense amabwerera kutsogolo pakangopita kamphindi, kwa maola anayi kapena asanu.

Matimu amene ali ndi katswiri waliwiro amaika munthu mmodzi kapena awiri kutsogolo kwa chigulu kuti mpata usakule. Masamu awo ndi akalekale: pamsewu wopanda mapiri, chigulu chikatsimikiza chimabweza pafupifupi mphindi imodzi pa makilomita 10 aliwonse. Othawa akakhala ndi mphindi 4 kutatsala makilomita 50, dziwani kuti zawo zada. Safuna kuwagwira msanga, chifukwa akatero ena amene miyendo yawo idakali yatsopano athawanso, ntchito n'kuyambiranso. Zili ngati msodzi amene wakola kampango pa mbedza, amayamba wamusiyira chingwe kuti atope.

Othawawo si opusa ayi. Dzina la kampani yolipira timu limaoneka pa kanema maola ambiri, amatola mapointi a pa zitunda, ndipo timu imene ili ndi munthu wake kutsogolo siikakamizika kukoka chigulu. Masiku enanso amafikadi, makamaka matimu akumbuyo akayamba kukankhirana ntchito, aliyense kumati akoke ndi mnzake.

Akuti timu iliyonse imakhala ndi anthu 8, koma wopambana ndi mmodzi. Nanga 7 enawo amavutikiranji milungu itatu yonse? (Mayi wogulitsa mpunga, Nkhotakota boma)

Mayi, amenewo ndi aganyu a mtsogoleri wawo, ndipo amalandira malipiro pa ntchito imeneyo. Tour de France imakhala ndi zigawo 21, ndipo jezi yachikasu amavala amene nthawi yake yonse, mukaiphatikiza, ndi yochepa kuposa ya ena. Choncho ntchito ya othandiza ndi yoti mtsogoleri asawononge mphamvu pachabe ngakhale tsiku limodzi. Amamutchinjiriza ku mphepo. Amabwerera kumbuyo ku galimoto ya timu kukatenga madzi, mabotolo asanu kapena kuposa atawasomeka m'matumba ndi m'khosi mwa jezi, n'kupalasa mwamphamvu kuti akagawire anzawo kutsogolo. Tayala la mtsogoleri likaphulika galimoto ili kutali, wothandiza amapereka lake, kapena njinga yonse, iye n'kutsala m'mbali mwa msewu. Pa phiri amakoka mosinthana, aliyense mpaka mphamvu zitamuthera, kuti adani asapeze mpata wothawa. Ndalama za mphoto, kuphatikizapo ma euro 500,000 a wopambana, mwamwambo amagawana timu yonse pamodzi ndi amakaniko.

Kuti muone mmene timu imagwetsera munthu wamphamvu, taonani za pa 13 Julayi 2022. Tadej Pogačar wa ku Slovenia anali atavala yachikasu, atapambananso Tour ya 2020 ndi ya 2021. Timu ya Jumbo-Visma inali ndi anthu awiri amene sakanawalekerera kuti athawe, Jonas Vingegaard ndi Primož Roglič. Asanakwere phiri la Galibier anayamba kumusinthanitsa: Roglič athawe, Pogačar amuthamangire, akangomupeza, Vingegaard athawe, Pogačar athamangirenso. Wina akamathawa mnzake ankapuma kumbuyo kwa Pogačar, pamene iye ankayankha zonse yekha. Pofika pa phiri lomaliza la Granon anali atauma. Vingegaard anamusiya ndi pafupifupi mphindi 3, anatenga jeziyo n'kukafika nayo ku Paris. Roglič, amene anayatsa motowo, anafika mochedwa kwambiri tsiku limenelo.

Kodi a timu imodzi samakanganirana utsogoleri? (Mphunzitsi, Benga)

Amakangana aphunzitsi, ndipo kawirikawiri vuto limabuka wothandiza akazindikira kuti ali ndi mphamvu kuposa bwana wake. Mu 2012 Chris Froome, wobadwira ku Nairobi, ankathandiza Bradley Wiggins mu timu ya Sky. Pokwera ku La Toussuire anawonjezera liwiro, Wiggins n'kutsalira, ndipo a m'galimoto anamuuza pa kawailesi ka m'khutu kuti adikire. Anadikira, anamaliza Tour ali wachiwiri, kenako chaka chotsatira anapambana yekha. Mu 1986 zinali zoipirapo: Bernard Hinault analonjeza kuthandiza Greg LeMond, koma ankamuthawa m'mapiri ngati mdani, iye n'kumati akutopetsa matimu ena. LeMond anapambanabe.

Ina ndi ya mu Vuelta a España ya 2023, mpikisano wa milungu itatu wa ku Spain. Sepp Kuss, amene anakokera Roglič ndi Vingegaard kwa zaka, anapezeka kuti ndi amene akutsogola. Pa phiri la Angliru mabwana ake awiriwo anamusiya, moti anatsala akutsogola ndi masekondi 8 okha. Anthu atadandaula kwambiri, timu inagwirizana zomuteteza, ndipo anapambana. Ife tikuona kuti olakwa anali oyang'anira timu. Wotsogolera ayenera kudziwika usiku, pa tebulo, osati pa phiri anthu ali wefuwefu.

Khalidwe la mtsogoleri ndi limene limaumba machenjera a timu. Pogačar ndi wosaugwira mtima: pa mpikisano wa dziko lonse ku Zurich mu 2024 ananyamuka kutatsala makilomita 100, zomwe mphunzitsi aliyense akanamuletsa, koma anapambana. Othandiza munthu wotere amangofunika kuwotcha liwiro kuti chigulu chichepe. Vingegaard ndi wofatsa, amamata pa tayala n'kudikira phiri lalitali, choncho amadalira kwambiri mapulani a timu. Pogačar amasangalatsa kuonera, koma wachinyamata amene akuphunzira atengere kudekha kwa Vingegaard, poti miyendo ya Pogačar saigulitsa.

Tilipo anyamata 10 amene timaphunzira limodzi pa msewu wa Salima kupita ku Senga Bay. Mwera ukawomba gulu lathu limabalalika ngakhale tili pa mzere. Timalakwitsa pati? (Wachinyamata, Salima)

Mukulakwitsa poima mzere wowongoka, mphwanga. Msewu umenewo umalowera kum'mawa, pamene mwera umachokera chakum'mwera, ndiye popita kunyanja umakumenyani kudzanja lamanja. Mphepo ikachokera m'mbali, pobisala sipakhalanso kumbuyo kwenikweni kwa mnzako. Pamakhala kumbuyo, chakumbali imene mphepo ikulowera. Popita, wotsogola akhale chapakati pa mbali yanu ya msewu, wachiwiri kumbuyo kwake chakumanzere, wachitatu chakumanzere kwa wachiwiri, mzere n'kupendekeka. Pobwerera mutembenuze, wotsogola akhale kumphepete kumanzere.

Mzere wopendekeka umadya malo. Akatswiri amatsekeredwa msewu wonse, komabe amene sanakwanemo amatsalira m'mphepete akumenyedwa ndi mphepo, ndipo m'pamene chigulu chimaduka zidutswazidutswa. Inu muli ndi theka la msewu, limenenso mukugawana ndi maminibasi, akabaza ndi mbuzi. Gawikanani magulu a anthu atatu kapena anayi, pakati pa magulu pakhale mpata woti galimoto n'kulowapo, ndipo wina asadutse mzere wapakati.

Wotsogola akoke masekondi 20 kapena 30 basi, akodole ndi chigongono, apatukire kumbali kumene mphepo ikuchokera, kenako abwerere pang'onopang'ono kumapeto. Wolowa m'malo asawonjezere liwiro. Apa ndi pamene magulu ambiri amaphwasukira, chifukwa wamphamvu akafika kutsogolo amafuna kudzionetsa, ndipo amene wangomaliza kukoka amalephera kugwira tayala lomaliza. Ngati muli ndi mphamvu, kokani nthawi yotalikirapo pa liwiro lomwelo. Yambani ndi mpata wa mita imodzi pakati pa matayala, muzichepetsa mpaka theka la mita mukazolowerana. Maso akhale pa msana wa mnzanu ndi kutsogolo kwake, osati pa tayala. Tayala lanu lakutsogolo likakhudza lakumbuyo la mnzanu, wogwa ndinu, choncho wakutsogolo asamakhote mwadzidzidzi kapena kumanga mabuleki mwamphamvu, ndipo aziloza maenje ndi dzanja nthawi ikadalipo.

Alipo wa ku Africa kuno amene akuchita bwino? (Wowerenga, Chia)

Alipo. Biniam Girmay wa ku Eritrea anapambana Gent-Wevelgem, mpikisano wa tsiku limodzi wa ku Belgium, mu 2022, ndipo mu Tour de France ya 2024 anapambana zigawo zitatu n'kutenga jezi yobiriwira ya mapointi. Iye ndi waliwiro lakumapeto. Anzake amamukokera pa mzere m'makilomita omaliza, aliyense n'kupatuka akatha mphamvu, mpaka womaliza amamusiya kutatsala mamita pafupifupi 200, liwiro lili cha m'ma makilomita 65 kapena 70 pa ola. Akamusiya msanga mphepo imamudya ena n'kumudutsa, akachedwa amatsekeredwa ku mpanda. 

Ndikadutsa maola awiri miyendo imangoti zii, mutu n'kumazungulira. Ndi matenda? (Wopalasa, Khombedza)

Kawirikawiri ndi njala, bambo, shuga wa m'thupi amakhala watha. Opikisana amadya magalamu 60 mpaka 90 a zakudya zopatsa mphamvu pa ola, ena kuposa pamenepo, ndipo amayamba ola loyamba lisanathe, njala isanawapeze. Nthochi imodzi yapakati ili ndi magalamu pafupifupi 25. Mu botolo la theka la lita thirani masupuni awiri aakulu a shuga ndi kamchere kotsina ndi zala. Botolo limodzi ndi nthochi imodzi kapena ziwiri pa ola zikukwanirani, koma m'kutentha kwa Okutobala kuno kunyanja onjezerani botolo la madzi okha. Chizungulire chikapitirira ngakhale mwadya ndi kumwa, kapena mukamamva kupweteka pachifuwa, siyani kaye njinga mukayezetse kuchipatala.