Yankho kwa amayi amene amphaka akuwachulukira kuseri kwa nyumba

Amayi, mwati munayamba kudyetsa amphaka 3 osowa mwini, pano apitirira 10, wina ali ndi bere, ndipo anansi ayamba kunena za poizoni. Mukufunsa ngati musiye kuwapatsa chakudya kapena mukawataye kutali. Zonse ziwiri sizikuthandizani. Chofunika n'kuwagwira, kuwatseketsa kwa a vetenale kuti asamaberekenso, n'kuwabwezera pomwe munawagwira. Njirayi imadziwika ndi dzina lachidule lakuti TNR. Koma imagwira ntchito mukatseketsa pafupifupi onse, ndiponso m'nthawi yochepa. Anthu ambiri amalepherera pomwepa.

Mphaka waukazi amatha kutenga bere ali ndi miyezi 4 yokha, inu mukumuonabe ngati kamwana. Bere limatenga masiku 63 mpaka 65, nthawi zambiri amaswa ana 3 mpaka 5, ndipo pachaka amatha kuswa kawiri kapena katatu. Ena amatenganso bere ana asanaleke n'kuyamwa komwe. Thupi lake limatulutsa mazira pa nthawi imene wakweredwa, n'chifukwa chake sikawirikawiri kuti aphonye. Ndiye mukamatseketsa mmodzi mwezi uno, wina miyezi itatu ikubwerayi, otsalawo amakhala atakudutsani kale. Chimandipweteka kwambiri ndi tsogolo la tiana timeneti. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2004, wa amphaka akunja ku North Carolina, m'dziko la America, anapeza kuti mwa ana 4 alionse, 3 anafa kapena kusowa asanakwanitse miyezi 6. Amene mukuwaona pakhomo panuwo ndi opulumuka chabe.

Mukasiya kuwadyetsa sachoka, chifukwa mphaka amakakamira dera lake. Ayamba kufukula m'zinyalala, kulowa m'makhitchini a anansi omwewo, kuonda ndi kudwala, koma kuswa sasiya. Kukawataya kutali n'kuwapha pang'onopang'ono, kapena kusenzetsa anthu ena vuto lanu. Komanso malo amene pali chakudya ndi pobisala sakhala opanda mphaka nthawi yaitali. Ena osatseka amabwera kudzalowa m'malo, ntchito n'kukhala ngati kukapa madzi m'bwato lobooka. Za poizoni muwauze anansi mosabisa: mphaka amafa imfa yowawa, nyamboyo imatha kudyedwa ndi galu kapena kutoledwa ndi mwana, ndipo mbalame zodya mitembo nazo zimafa. M'maiko ambiri kupha nyama motero ndi mlandu.

Yambani ndi kuwerenga. Kwa sabata imodzi kapena ziwiri, aikireni chakudya nthawi imodzimodzi ndi malo amodzimodzi tsiku lililonse, ndipo pakatha mphindi 30 chotsani chotsala. Jambulani aliyense pa foni, lembani mtundu wa ubweya wake, ngati ndi wamphongo kapena waukazi, ngati ali ndi bere kapena akuyamwitsa. Amantha amene amadya usiku ayamba kuonekera akadziwa kuti chakudya sichigona pambale. Funsaninso pa nyumba zoyandikana, chifukwa mwina ena mwa amphakawo ali ndi eni ake, ndipo mwina pali munthu wina amene akuwadyetsanso inu osadziwa. Munthu ameneyo mumunyengerere kuti mugwirizane, apo ayi tsiku lotchera misampha amphaka adzabwera atakhuta.

Musagwire mphaka ngakhale mmodzi musanapangane tsiku ndi dokotala wa ziweto. Mufunseni kuti angachite angati patsiku, ngati anagwirapo amphaka olusa, ndiponso ngati angatsitse mtengo poti ndi ambiri. Mabungwe osamalira nyama nthawi zina amathandiza pa mtengo kapena kubwereketsa misampha. Ndalama zikachepa, yambani ndi aakazi, makamaka amene ali ndi bereyo. Dokotala amatha kutseka mphaka ali ndi bere. Ndikudziwa kuti zimenezi ambiri zimawavuta mumtima, koma ine ndimaona kuti n'zachifundo kusiyana ndi kusiya ana abadwe kuti adzafe ndi chimfine ndi njoka zam'mimba ali ndi masabata 6.

Pogwira, musayese ndi manja, thumba kapena bulangete. Mphaka wamantha amaluma mozama, bala lake limatukusira msanga, ndipo kumene kuli chiwewe nkhani yake ndi ya moyo ndi imfa. Akakulumani kapena kukukandani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Gwiritsani ntchito msampha wa kakhola kawaya kamene chitseko chake chimagwa chokha mphaka akaponda kachitsulo kamkati. Masiku angapo oyamba mangirirani chitsekocho kuti chisagwe, muziika chakudya pakhomo pake, kenako pakati, kenako kumapeto kwenikweni. Kutatsala tsiku limodzi musawadyetse, madzi okha. Tsiku lotchera ikani chakudya chonunkhira kwambiri, monga nsomba zam'chitini, kuseri kwa kachitsuloko.

Chitseko chikangogwa, phimbani msampha wonse ndi nsalu. Mphaka amadziguguda pawaya mpaka kudzivulaza mphuno, koma mdima ukamugwera amakhala duu. Musasiye msampha wotchera popanda wouyang'anira, kaya padzuwa kaya pamvula. Ndipo musamutulutse wogwidwa chifukwa chomumvera chisoni akulira, popeza mphaka amene walowa kamodzi n'kutuluka kawirikawiri savomeranso kulowa. Nthawi zambiri pamatsala mmodzi wochenjera, kawirikawiri mayi wamkulu amene anaswa onsewo. Ameneyo amafuna msampha wina, bokosi lalikulu lotsamiritsa pa kamtengo, limene mumaligwetsa ndi chingwe muli patali. Musamugonjere, chifukwa iye yekha akhoza kudzazanso bwalo lonse.

Kwa dokotala, pemphani kuti akadali m'tulo ta mankhwala am'bayenso katemera wa chiwewe, ampatse mankhwala a utitiri ndi njoka zam'mimba, n'kumudula kansonga ka khutu lakumanzere, pafupifupi sentimita imodzi. Ena amaona ngati n'kumulemaza. Ayi, sakumva kanthu pa nthawiyo, ndipo chizindikirocho chimaoneka muli patali, choncho sadzagwidwanso kapena kung'ambidwanso pamimba pachabe. Musalole munthu wosaphunzira kuthena wamphongo ndi lumo kapena kumumanga ndi mphira. Mapiritsi ndi jakisoni zolera si zodalirika kwa amphaka akunja, ndipo zikagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali zimabweretsa mafinya m'chiberekero ndi zotupa za m'mawere. Chinanso, musadzapatse mphaka paracetamol ngakhale kachidutswa. Amafa naye.

Akachoka ku opaleshoni, akhale mumsampha womwewo, wophimba, pamalo ofunda ndi opanda phokoso, chifukwa mankhwala ogonetsa amalepheretsa thupi kusunga kutentha. Wamphongo amatha kumasulidwa pakatha maola 24 ngati wadzuka bwinobwino, waukazi maola 24 mpaka 48 kapena monga dokotala anenere. Mumasulireni pomwe munamugwira. Akasowa masiku awiri kapena atatu musadandaule, amabwerera. Dziwani kuti wamphongo amatha kuperekabe bere kwa masabata angapo atathenedwa, ndipo fungo la mkodzo wake silitha tsiku limodzi.

Ana ndi nkhani ina. Nthawi imene mphaka amazolowera anthu mosavuta ndi pakati pa masabata 2 ndi 7. Amene akugwiridwa ndi kuseweretsedwa pa msinkhu umenewu amadzakhala amphaka apakhomo, ndipo akayamba kudya okha mukhoza kuwapezera mabanja. Akapitirira miyezi 3 kapena 4 asanakhudzidwepo ndi munthu, kuwaweta kumavuta kwambiri. Musawalande kwa mayi wawo akadali oyamwa okhaokha, ndipo musawamwetse mkaka wa ng'ombe, umawatsegula m'mimba. Madokotala ambiri amatseka ana akakwana masabata 8 ndi kulemera pafupifupi kilogalamu imodzi. Musapereke mwana kwa munthu asanatsekedwe pongodalira lonjezo lakuti adzachita yekha.

Musayembekezere kuti chiwerengero chitsika chaka chomwecho. Pa yunivesite ya Central Florida, ku America, ofufuza anatsatira gulu la amphaka kwa zaka 11, ndipo zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2003: amphaka okhala pamalopo anachepa ndi magawo 66 pa 100. Koma chimene anthu amaiwala n'chakuti pafupifupi theka la amphaka onse amene anadutsa m'manja mwawo anapezeredwa mabanja. Kutseka kokha sikunachite zonsezo. Zimene muone msanga ndi zina: kulira kwa usiku kuchepa, ndewu za amphongo kuzilala, fungo kutha pang'onopang'ono. Ndewu zikachepa, matenda a FIV, ofooketsa chitetezo cha m'thupi mwa mphaka, amene amafala kwambiri polumana, amachepanso. Kulira, ndewu ndi fungozo ndi zomwe zikuwasowetsa tulo anansi anu, ndiye muwafotokozere musanayambe, muwauzenso tsiku lotchera kuti atsekere amphaka awo m'nyumba.

Madandaulo awo ena ndi oona ndithu. Mphaka wotseka amagwirabe mbalame ndi abuluzi ngakhale atakhuta, choncho ngati malowo ali pafupi ndi pamene mbalame zimaswera, kambiranani ndi odziwa za zachilengedwe za kuwasamutsa. Kusamutsako kumafuna kuwatsekera m'khola pamalo atsopanowo kwa masabata 2 mpaka 4, apo ayi amathawa kufunafuna kwawo. Za chimbudzi m'maluwa, akonzereni pangodya pa mchenga kutali ndi posewerera ana, muzichotsa tsiku lililonse mutavala magulovu. Mayi woyembekezera asagwire ntchito imeneyi chifukwa cha tizilombo ta toxoplasma, timene timapezeka m'chimbudzi cha mphaka ndipo tingavulaze mwana wosabadwa.

Mukamaliza gulu lonse, pitirizani kudyetsa pa nthawi yake ndi kuyang'ana makutu. Mlendo aliyense wa khutu lathunthu agwidwe sabata yomweyo. Pezaninso munthu wachiwiri wodziwa amphakawo ndi ndondomeko yonse, woti azigwirizira inu mukadwala kapena mukachokapo. Wa bere uja musamudikiritse mpaka mutasonkhanitsa ndalama za onse, muimbireni dokotala mawa za iyeyo.