Mphunzitsi ngofunikadi, kapena YouTube ikwanira?

Kwabwera imelo kuchokera kwa achemwali ena omwe ali ku Johannesburg. Akuti akhala akumvera ziphunzitso za Chibuda pa YouTube, lero uyu mawa uyo, nde gulu lomwe ayamba kupitako likuwauza kuti asankhe mphunzitsi mmodzi adzipereke kwa iye. Akufunsa ngati nzofunikadi kapena akufuna kungowadyera.

Achemwali, mwandikhudza penipeni. Ife takula tikuona za "papa", munthu kugwada pamaso pa mneneri, malipiro onse kukasiya kuguwa ana kunyumba akugona ndi njala, nde wina akangoti "dziperekeni" thupi limachita tsemwe. Ine ndili ku Cape Town ndinkanenetsa kuti sindikufuna munthu pamwamba panga. Ndinalinso ndi pobisala, mawu aja Buddha anauza anthu a fuko la Kalama ku Kesaputta, oti musavomere chinthu pa chifukwa chongoti wanena ndi mphunzitsi wanu, muyambe mwachiyesa nokha. Kenako mnzanga wakuntchito anandikokera ku kagulu kena komwe kankakumana m'galaja Lachitatu madzulo, otsogolera anali agogo ena aakazi, ovala juzi yakutha, opanda ndi dzina lomwe laulemu. Ine ndikayamba kufotokoza kuti posinkhasinkha ndaona kuwala, thupi linapepuka, iwo amangondidula, "Dzulo munakhala pansi? Nanga dzana?" Ndinkabwerera mtima ukuwawa. Tsiku lina anafunsa kuti kodi akazi anu kunyumba akuti ukali wachepa? Ndinangoti kukamwa yasa. Foni singakufunse zimenezo, foni imakupatsa vidiyo ina yokoma ukangotopa ndi yoyambayo, basi.

Ndipo amene amati Chibuda sichifuna mphunzitsi anamva theka la nkhani. Ananda, mmonke yemwe ankatumikira Buddha, atanena kuti kukhala ndi bwenzi labwino ndi theka la moyo wachiyero, Buddha anamuletsa, akuti ayi ndi moyo wonsewo. Malamulo a amonke amati watsopano akhale pansi pa mphunzitsi zaka zisanu zoyamba. Ajahn Sumedho, mzungu wa ku America, anafika kwa mphunzitsi wa amonke Ajahn Chah ku nyumba ya amonke ya Wat Pah Pong ku Thailand mu 1967, chinenero sachidziwa bwino, kudya kamodzi patsiku, anakhala pafupifupi zaka khumi asanapite ku England mu 1977. Ife sabata zitatu tayamba kale kusaka wina.

Koma nanunso musapusitsidwe ndi mkanjo. Mu 2017 ophunzira asanu ndi atatu a Sogyal Rinpoche, mphunzitsi wotchuka zedi wa ku Tibet, analemba kalata yoti ankawamenya ndi kugona ophunzira ake, mpaka anatula udindo chaka chomwecho. Anthuwa anakhala chete zaka zambiri poti anawauza kuti kumenyedwako ndi mbali ya maphunziro. Pomwe mwambo wa ku Tibet womwewo umati mphunzitsi umuonetsetse ngakhale zaka 12 usanamutenge kukhala wako. Buddha mwini pomwalira ku Kusinara ali ndi zaka 80 sanasiye mlowam'malo, anauza Ananda kuti chiphunzitso ndi malamulo ndi zomwe zidzakhale mphunzitsi wanu. Nde iweyo mphunzitsi ndiwe ndani kuti ukhale pamwamba pa malamulo? Osapha, osaba, osachita chigololo, osanama, osaledzera, zisanuzi zimamanga mphunzitsi kaye zisanafike kwa wophunzira. Ine wozithyola sindimumvera olo atayankhula mokoma bwanji.

Nkhani ya ndalama ndiye musandiyambitse. Maphunziro a masiku khumi a kusinkhasinkha kotchedwa Vipassana, aja anafalitsa S.N. Goenka, alipo kumalo otchedwa Dhamma Pataka pafupi ndi tawuni ya Worcester ku South Africa, kudzuka 4 koloko m'mawa, osayankhulana, ndipo salipiritsa, umapereka pamapeto zomwe ungathe. Tsono wina akakutulutsirani mitengo ya madalitso mudzifunse kawiri.

Tsono muchite chiyani?

Musalumbire kwa munthu panopa. Sankhani njira imodzi, muzikhala pansi kusinkhasinkha tsiku lililonse olo mphindi 20, kwa chaka osasinthasintha. Kugulu kuja pitirizani kupita koma maso akhale pa mphunzitsiyo, amatani ndi ndalama, amatani ndi atsikana, amatani wina akamutsutsa. Ndipo muwafunse kuti changu chonsechi n'cha chiyani. Akakwiya ndi funso limenelo mutenge chikwama chanu muzipita.