Funsani Malume: Ndigule ng'ombe zingati kumudzi?

FUNSO

Malume, ine ndili ku Joni chaka cha 6 chino, ndimagwira pa famu ina mbali ya ku Heidelberg koma weekend ndimakhala ku Rosettenville. Ndasungako kandalama, ndikufuna nditumize agule ng'ombe 15 kwathu ku Mchinji kuti pobwerera ndisadzakhale mtchona wopanda kanthu. Madala akuti tumiza basi dambo lilipo. Koma abwana anga kuno malo ndi aakulu ng'ombe zochepa, pena kampu yonse, gawo la malo odyetsera lampanda lija, amangoitseka osadyetsamo mpaka chaka, ine ndimaona ngati akungotaya udzu. Akulondola ndani?

Mphwanu wa ku Mchinji

YANKHO

Mphwanga, madala sakunama, dambo lilipodi, koma afunse kuti likuoneka bwanji mu Okutobala. Vuto lathu ife a kuno timatumiziridwa zithunzi pa WhatsApp mu Febuluwale kuli biriwiri, basi mtima dyokodyoko kuthamangira ku Mukuru.

Abwana akowo sakutaya udzu ayi. Kuno ku Highveld mvula imagwa kuyambira Okutobala mpaka cha mu Epulo, Juni ndi Julayi chisanu chimawaula udzu wonse, ndiye ngakhale ukuoneka wambiri mulibe chakudya chenicheni, nchifukwa chake umawaona akuika zonyambita zija m'makampu. Udzu wabwino ngati rooigras ng'ombe zimaukonda, zikamaudya mobwerezabwereza osaupumitsa mizu imafooka, umatha, malo ake kumamera udzu wolimba umene ngakhale mbuzi imangoununkhiza. Kutseka kampu nkuupatsa mpata wobereka njere. Iwe ukuwerenga ng'ombe za chaka chino, iwo akuwerenga udzu wa zaka 10 zikubwerazo.

Tiye tiwerengere limodzi. Ng'ombe yathu yachikuda ija imafuna makilo pafupifupi 7 a chakudya chouma patsiku. Juni mpaka Novembala ndi masiku pafupifupi 180, ndiye ng'ombe imodzi ikufuna makilo 1,260. Ng'ombe 15 ndi matani pafupifupi 19. Akachokera kuti? Dambolo si la madala okha, m'mbali anthu alimamo madimba a tomato ndi rape, zoweta za mudzi wonse zimadya momwemo, ndiye ikafika Ogasiti anyamata osaka mbewa kungokhwatcha machesi kamodzi, kwatha. Ndipo usaiwale chilala cha El Niño chija, mu Malichi 2024 boma linalengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28. Chidzabweranso, sitikudziwa chaka chake basi.

Ndikanakhala iwe ndikanayamba ndi zinayi kapena zisanu, zazikazi, ndalama yotsalayo nkulowetsa m'nthaka. Dzala nsenjere m'mphepete mwa munda ndi vetiva pa akalozera kuti madzi asamakokolole dothi. Mapesi ndi masangwe a mtedza asatenthedwe, mumange kashedi zisungidwe pouma, madeya mugule nthawi yokolola akadatchipa. Mitengo ya nsangu m'mundamo musadule, imayoyola masamba nthawi ya dzinja ndiye siphimba chimanga, ndipo nyemba zake ng'ombe zimadya nthawi yomwe udzu wasowa. Manyowa a m'khola abwerere kumunda, paja feteleza mtengo wake ukuudziwa wekha. Usungeko ndalama ya mankhwala a nkhupakupa, alangizi a ziweto akuuzani za dibi ndi katemera.

Chovuta kwambiri sindikubisira ndi cha mudzi. Bwana wako amatseka geti yekha, iwe sungatseke dambo la anthu onse. Pamafunika madala akakhale pansi ndi amfumu ndi eni ng'ombe anzawo agwirizane mbali iti ipume chaka chino, njira zotchinga moto alambule liti, wotentha tchire alipe chani. Nkhani imeneyi pafoni siitheka, ukapita pa Khirisimasi ukaiyambe wekha, ndipo popita kwa amfumuwo usapite chimanjamanja.

Zikatha zaka ziwiri ng'ombe zako zikufika Novembala nthiti zisakuwerengeka, ndilemberenso tikambe zowonjezera.

Malume