Khoma loti inu muzimva za panja koma a panja osamva zanu

Achimwene, mwafunsa ngati ma metamaterial, zipangizo zopangidwa mwaluso ndi timagawo ting'onoting'ono toongolera mafunde a mawu, angakupatseni khoma la situdiyo loti inu muzimva za panja koma a panja osamva zanu. Pakadali pano khoma lotero kulibe, ndipo wina akanena kuti akugulitsa mumufunse mafunso ambiri musanatulutse ndalama. Anthu amaphatikiza zinthu ziwiri zosiyana: mawu obwerera ndi mawu odutsa.

Pa mawu odutsa pali lamulo lomwe asayansi Helmholtz ndi Lord Rayleigh analongosola m'zaka za m'ma 1800, lotchedwa reciprocity. Ngati khoma ndi longokhala, mulibe chilichonse choyenda mkati mwake, ndipo mawu ndi a mphamvu wamba, wolankhula ndi womvera akasinthana malo mawu odutsa amakhala ofanana ndendende. Mkati mwa khomalo mukhote bwanji, lamulo limeneli silisintha.

Mawu obwerera ndiye amatha kusiyana, ndipo apa m'pamene pali ntchito yokoma. Khoma la njerwa lomatidwa siponji mbali imodzi, mukaomba m'manja ku mbali ya siponjiyo mawu amafera pomwepo, ku mbali inayo amabwerera. Opanga ma metamaterial amachita zomwezi mwadala ndi timabokosi tating'ono kuposa utali wa funde la mawu, tokhala ndi mphako ndi tinjira tosafanana kutsogolo ndi kumbuyo. Khalidweli amalitcha Willis coupling, potengera dzina la John Willis yemwe analemba masamu ake mu 1981. Chomwe ambiri saona n'chakuti popanda chomeza mawu, mphamvu yobwerera imafanana mbali zonse, chosiyana ndi nthawi yomwe funde limabwerera basi. Kuti mbali imodzi imeze ina ibweze, payenera kukhala pomwe mawu akukhuzana ndi makoma a tinjirato n'kusanduka kutentha.

Kuphwanya lamulo la Rayleigh kunatheka, koma movutikira. Mu 2010 ku Nanjing University anadutsitsa mawu a ultrasound, okwera kwambiri moti khutu la munthu silimva, m'madzi okhala ndi timathovu ting'onoting'ono, tomwe timasintha mawuwo kukhala okwera kawiri, kenako m'magalasi osanjikizana ndi madzi omwe amalola okwerawo okha. Mawu ochokera mbali inayo ankatsekeka asanafike pa timathovu. Vuto lake, chotuluka si mawu omwe analowa. Mu 2014 ku University of Texas ku Austin, Romain Fleury, Andrea Alù ndi anzawo anaika mafani atatu okupiza mpweya m'mphako yozungulira ya makomo atatu. Mpweya ukamazungulira, mawu a 800 Hz (mafunde 800 pa sekondi) olowa pa khomo loyamba ankatulukira lachiwiri lokha, olowa pa lachiwiri n'kutulukira lachitatu, ndipo kusiyana kwa mphamvu ya mawu opita kutsogolo ndi opita kumbuyo kunafika madesibeli 40. Ine ntchito imeneyi ndimaisirira kwambiri. Komabe inkagwira pafupi ndi 800 Hz pokha, pomwe mawu a munthu amayambira cha pa 100 Hz mpaka masauzande angapo.

Ndiye ku situdiyo kwanuko mangani khoma lolemera, losanjikiza kawiri ngati thumba lilola, ndipo mutseke ming'alu yonse ya chitseko ndi mawindo chifukwa mawu amathawira kwambiri mmenemo. Siponji ndi yochepetsa kulira kwa chipinda mkati, siitsekereza mawu kutuluka. Kuti muzimva za panja, ikani maikolofoni panjapo ndi sipika mkati, muzilumikize ndi ampulifaya. Ampulifaya imatumiza mawu mbali imodzi yokha, ndipo imatenga mawu onse a munthu, otsika ndi okwera omwe.