Mwana akungofotokoza nkhani m'malo moizukuta

Mayi, mwafunsa kuti mungamuthandize bwanji mwana wanu wa Fomu 2 amene aphunzitsi amangomulembera m'kope kuti "wangofotokozanso nkhani", chikhalirecho iye wadzaza masamba awiri. Pepani, koma aphunzitsiwo sakumulakwira. Ndachongapo zimangirizo zotere zambirimbiri. Mwana amayambira pa "padangokhala" mpaka kumapeto osasiya kanthu, koma funso osalikhudza. Wochonga nkhaniyo akuidziwa kale, chimene akufuna n'chakuti amve zomwe mwanayo waona m'kati mwake.

Madzulo ano muyese ndi nthano imene akuidziwa, ya Kalulu ndi chitsime ija. Kudagwa chilala, nyama zidakumba chitsime, Kalulu adakana kukumba nawo. Kenako ankabwera ndi uchi, kunyengerera alonda, kuwamanga, iye n'kumwa, n'kusambamonso. Adamugwira ndi Fulu, amene adadzipaka ulimbo pamsana.

Mumufunse kuti, "Kalulu ndi mpangankhani wotani?" Akangoyamba zoti "kudali chilala", mumudule. Ayankhe ndi chiganizo chimodzi basi: Kalulu ndi wodzikonda. Ndiye mumuponyere funso lomwe ana amadana nalo: "Ukudziwa bwanji?" Apa atole chochitika chimodzi m'nkhanimo, osati nkhani yonse. Akatero mumufunsenso, "Nanga zimenezo zikuonetsa chiyani?" Mayankho atatuwo akawalumikiza, ndime yatha:

"Kalulu ndi wodzikonda. Adakana kukumba chitsime, koma atamwa madzi adasambamo. Kumwa tikadati ndi ludzu, koma kusamba m'madzi oti anzake amwe pa nthawi ya chilala kukuonetsa kuti sankalabadira za wina aliyense."

Chiganizo chomalizacho ndi chimene ana ambiri amasiya, pomwe kuzukuta kwenikweni kuli pamenepo. Ndime zitatu kapena zinayi zoterezi, iliyonse ndi mfundo yakeyake, ndiye thunthu la chimangirizo. Chiyambi chisatalike: mutu wa nkhani, mlembi ngati alipo, ndi yankho lake mwachidule. M'mathero asabweretsemo mfundo yatsopano.

Pa ndakatulo n'chimodzimodzi. Kungolemba kuti "mlakatuli wagwiritsa ntchito chifanifani" n'kosakwanira. Ngati mzere ukuti mtima wa munthu uli ngati mwala, mwana anene kuti mwalawo ukutiuza zotani za munthuyo: kuuma, kusamva chisoni. Azolowerenso kuona mawu oyamba a funso, chifukwa "tchulani" ndi "fotokozani" safuna yankho lotalika mofanana.

China chimene chimandiwawa ndi timanotsi toloweza tija: "wakhama, wansanje, wachikondi". Mwana amaloweza mndandanda wonse, buku lenilenilo osalitsegula, ndiye ukamufunsa pomwe nsanjeyo idaonekera amangokanda m'mutu. Mayeso a JCE asanafike, mumufunse ngati buku lomwe akuphunzira m'kalasi adaliwerengadi mpaka tsamba lomaliza. Ngati kusukulu mabuku ndi ochepa, abwereke Lachisanu, akuwerengereni mokweza mukuphika, inu muzingomudula ndi "ukudziwa bwanji?"